Mlomo wa denga utuluke motalika bwanji kuti zenera liwerengedwe kuti lili pamthunzi?

Funso lachokera kwa bambo wina amene amajambula mapulani a nyumba ku Johannesburg. Akuti: "Ndinajambula nyumba ya zipinda zogona zitatu. Malo apansi a m'kati ndi masikweya mita 100, ndipo magalasi onse, mazenera pamodzi ndi chitseko chachikulu chagalasi cha pabalaza, akukwana masikweya mita 24. Mlomo wa denga watuluka mamilimita 600 kuzungulira nyumba yonse. Pulani yabwezedwa, akuti ndisonyeze mawerengedwe a mthunzi molingana ndi XA. Kodi 600 ameneyu sakukwanira? Nanga ndiwerengera bwanji?"

Bambo, 600 wanuyo akuthandiza pa mazenera a kumpoto, akuperewera pa chitseko chagalasi, ndipo kukhoma la kumadzulo palibe chimene akuchita. Nambala imodzi singayankhire nyumba yonse, chifukwa mthunzi umawerengedwa zenera ndi zenera, potengera kutalika kwake ndi kumene layang'ana.

Tiyambe ndi chimene chabweza pulani. Gawo la XA la malamulo a zomangamanga ku South Africa linayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo buku lofotokoza mmene mungalikwaniritsire ndi SANS 10400-XA. Buku la 2011 linkati magalasi akapanda kupitirira 15 peresenti ya malo apansi a m'kati, palibe chowerengera. Akapitirira, mupite ku SANS 204, buku lina la miyezo ya kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu m'nyumba, mukawerengere. Buku lokonzedwanso la 2021 linakweza malirewo kufika pa 20 peresenti ndipo linasintha njira. Inu muli pa 24 peresenti, kotero mwadumpha malire onse awiri. Musanapite patali, yesaninso manambala anu awiriwo. Malo apansi amayezedwa m'kati mwa makoma, osati kunja kwake, galaja osaiphatikiza, ndipo nyumba yosanjikizana imawerengedwa nsanjika iliyonse payokha. Kukula kwa zenera nako kumatengera felemu yomwe, osati galasi lokha. Ambiri amadzipatsa malo apansi ochuluka ndi magalasi ochepa, kenako n'kudabwa kuti peresenti yawo ikusiyana ndi ya woyendera mapulani.

Miyeso ya mthunzi ilipo itatu, ndipo yonse imatengedwa pa chojambula chodula nyumba pakati, osati pa pulani yoyang'ana kuchokera pamwamba.

P ndi mtunda wopingasa kuchokera pa galasi mpaka pa nsonga ya chinthu chimene chikuponya mthunzi. Akuti pa galasi, osati pa nkhope ya khoma. Ngati zenera lalowa m'kati mwa khoma ndi mamilimita 100, amenewo ndi anu, awonjezereni. Ngalande ya madzi a padenga, ikakhala yosaonetsa kuwala, ndiyo imakhala nsonga yoponya mthunzi, ndipo nayo imakuwonjezerani P.

H ndi mtunda woimirira kuchokera pansi pa galasi mpaka pa nsonga yomweyo. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Amatenga kutalika kwa zenera n'kukutcha H, n'kuiwala khoma la pamwamba pa lintala. Koma mthunzi suyambira pamutu pa zenera. Umayambira pa mlomo wa denga, n'kutsetsereka pa njerwa kaye usanafike pa galasi. Kachigawo ka pakati pa mutu wa zenera ndi nsonga ya mlomo ndiko kamatchedwa G. Pa denga lopendekeka kumbukirani kuti mlomo ukamatuluka umatsikanso. Denga la madigiri 26 likatuluka mamilimita 600 limatsika pafupifupi mamilimita 290, ndipo muyeso wanu ukathere m'munsi mwa fascia board (thabwa lokhomedwa kumapeto kwa mlomo) kapena mwa ngalande, kumene kuli kotsika kwambiri.

Tsopano dzuwa. Johannesburg ili pa latitude, kutanthauza kutalikirana kwake ndi mzere wa ikweta, ya madigiri 26.2 kummwera. Masana dzuwa lili paliwombo, kukwera kwake kumapezeka mosavuta. Pa 21 Malichi ndi pa 23 Seputembala, pamene usana ndi usiku zimafanana, mumachotsa latitude pa 90, n'kupeza madigiri 63.8. Chakumapeto kwa Disembala mumawonjezera 23.4, n'kufika pa 87.2. Chakumapeto kwa Juni mumachotsa 23.4, n'kutsala ndi 40.4. Masiku onsewa dzuwa la masana limakhala chakumpoto, chifukwa mzindawu uli kummwera kwa mzere wa Capricorn.

Kuti mudziwe kutsika kwa mthunzi pakhoma la kumpoto, chulukitsani P ndi tan ya madigiri amenewa, nambala ya masamu a makona yosonyeza kutsika kwa mthunzi pa mita iliyonse ya P. Kalikuleta ya pafoni ikupatsani: tan ya 63.8 ndi 2.03, tan ya 40.4 ndi 0.85, ndipo ya 87.2 imapitirira 20.

Tiyese pa zenera la chipinda chogona lotalika mamita 1.2, lokhala ndi G wa mamita 0.3. H ndi 1.5. Tinene kuti P, mutayeza bwino kuchokera pa galasi, ndi 0.6. P/H, kutanthauza P kugawa ndi H, ndi 0.4. Mu Disembala zenera lonse lili pamthunzi, palibe nkhani. Pa 23 Seputembala mthunzi utsika 0.6 kuchulukitsa ndi 2.03, ndiwo mamita 1.22. Chotsanipo 0.3 wogwera pa njerwa, mutsala ndi mamita 0.92 a galasi ali pamthunzi, ndipo mamita 0.28 a m'munsi akuwombedwa ndi dzuwa. Mu Juni mthunzi utsika mamita 0.51 okha, ndipo pa galasi pafika 0.21. Zikutanthauza kuti pafupifupi mita yathunthu ya galasi ikulandira dzuwa la nyengo yozizira. Zimenezi n'zabwino kwambiri, ndipo ndi chifukwa chake khoma la kumpoto limakondedwa: mlomo womwewo, osaukhudza, umatseka dzuwa la chilimwe n'kulola la m'chisanu.

Mukafuna kuti galasi lonse likhale pamthunzi kuyambira Seputembala mpaka Malichi, gawani H ndi 2.03. Mupeza P wa mamita 0.74, ndiye kuti P/H wa 0.49. Pali chinthu china chothandiza pa masiku awiri ofanana usana ndi usiku aja. Pakhoma loyang'ana kumpoto kwenikweni, mzere wa m'munsi wa mthunzi sukwera kapena kutsika tsiku lonse, umangokhala pamalo amodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. N'chifukwa chake tsiku limeneli ndi labwino kuwerengerapo, komanso kukayezerapo nyumba yomangidwa kale ndi tepi.

Chitseko chanu chagalasi n'chotalika mamita 2.1. Ndi G yemweyo, H ndi 2.4, ndipo P/H yatsika kufika pa 0.25. Mu Seputembala kupitirira theka la chitsekocho kuli padzuwa. Kuti chitsekedwe chonse pafunika P wa mamita pafupifupi 1.2. Mlomo ndi womwewo, khoma ndi lomwelo, koma yankho lasintha chifukwa galasi latsikira pansi.

Nanga mabuku amagwiritsa ntchito bwanji manambala amenewa? Buku la 2021 limafunsa funso la inde kapena ayi: kodi P akufika pa H wochulukitsidwa ndi nambala yotchedwa M? Nambalayi ili pa tebulo ndipo imakula mukamapita kummwera, kuchokera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kumpoto kwa dzikolo mpaka kupitirira pang'ono theka ku Cape. Itengeni m'buku lenilenilo, potengera latitude ya puloti, osati kukopera pa pulani ya mnzanu. Pretoria ili pa madigiri 25.7 pamene Johannesburg ili pa 26.2, ndipo kusiyana kwakung'ono chonchi kungakuikeni pa mzere wina wa tebulo. Zenera likapambana, limawerengedwa kuti lili pamthunzi ndipo limaloledwa galasi lolowetsa kutentha kochulukirapo. Likalephera, ngakhale ndi mamilimita 50 okha, limawerengedwa ngati lopanda mthunzi ndipo lifunika galasi la SHGC yotsika, lomwe ndi lodula. SHGC ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 1 yosonyeza gawo la kutentha kwa dzuwa limene limadutsa zenera n'kulowa m'nyumba. Peresenti ya magalasi ikamakwera, tebulo limafuna SHGC ndi U-value (muyeso wa kutentha kodutsa m'galasi ndi m'felemu) zotsikirabe.

Njira ya SANS 204 ndi yaitali koma ndi bwino kuidziwa, chifukwa mapulani akale ambiri anawerengedwa nayo ndipo imaonetsa bwino chimene chikuchitika. Pa zenera lililonse mumachulukitsa zinthu zitatu: kukula kwake, SHGC yake, ndi nambala E yochokera pa tebulo. E imadalira chigawo cha nyengo, mbali imene zenera layang'ana, ndi P/H. Mumaphatikiza mazenera onse, ndipo zotsatira zisapitirire malo apansi ochulukitsidwa ndi nambala yokhazikika ya chigawocho. M'njira imeneyi muli lamulo limene limagwetsa ambiri: G akapitirira mamilimita 500, P mumamugawa pakati musanawerengere P/H. Izi zimakhudza kwambiri mazenera a pakhoma la gebulo, lija losongoka pamwamba, kumene denga lili patali pamwamba, ndi mazenera apansi a nyumba yosanjikizana, amene mlomo wa denga uli mamita atatu pamwamba pawo. Mazenera otere amafuna kadenga kawokawo.

Apa ndiyenera kukuchenjezani za chinthu chimene mthunzi sungachikonze. Kuwonjezera pa kutentha kwa dzuwa, pali mawerengedwe achiwiri a kutentha kodutsa m'galasi ndi m'felemu chifukwa kunja n'kozizira kapena kotentha kuposa m'kati. Ameneyu ndiye U-value. Galasi wamba limodzi m'felemu ya aluminiyamu kapena yachitsulo, ngati mulibe satifiketi yoyezedwa, SANS 204 imalipatsa U-value ya 7.9 ndi SHGC ya 0.81. M'chigawo chozizira cha m'kati mwa dziko, momwe Johannesburg inaikidwa m'njira yakaleyo, malire anali 1.2 pa sikweya mita iliyonse ya malo apansi. Nyumba yanu iloledwa 120. Magalasi anu 24 kuchulukitsa ndi 7.9 akupereka pafupifupi 190. Ngakhale mutatulutsa mlomo mamita awiri, 190 ameneyu sasuntha. Amasuntha mukachepetsa magalasi kapena kusintha mtundu wa zenera, monga felemu yamatabwa kapena ya PVC, galasi lokutidwa la low-e lochepetsa kudutsa kwa kutentha, kapena magalasi awiri okhala ndi mpweya pakati. Pogula, funsani satifiketi yosonyeza manambala a zenera lonse pamodzi ndi felemu. Nambala ya galasi lokha, imene imalembedwa pa kabuku kotsatsa malonda, imaoneka yokongola koma siimene imafunika.

Tibwerere ku khoma la kumadzulo, chifukwa kumeneko ndiko kuli vuto lenileni la anthu okhala m'nyumbamo. Cha m'ma 4 koloko madzulo chakumapeto kwa Disembala, dzuwa ku Johannesburg limakhala litakwera madigiri pafupifupi 36 okha, ndipo limakhala litapendekera madigiri 11 kummwera kwa kumadzulo. Dzuwa likakhala kuti silinalunjike khoma, mumatenga tan ya kukwera kwake n'kuigawa ndi cos ya kupendekerako, nambala inanso ya pa kalikuleta yomweyo. Pano ndi 0.725 kugawa ndi 0.98, kupeza 0.74. Mlomo wa 0.6 uponya mthunzi wa mamita 0.44. Chotsani G wa 0.3, patsala masentimita 14 okha pa galasi lotalika mamita 1.2. Kuti zenera lonselo libisike pa ola limeneli pafunika khonde la mamita awiri, ndipo pofika 5 koloko nalonso lalephera. Mu Malichi ndi Seputembala zinthu zimaipirapo: pa 4 koloko mthunzi wa mlomo wanu umathera pa lintala penipeni.

Kutenthako si kochepa. Dzuwa lowala bwino likalunjika galasi loimirira limatha kufika mawati 700 pa sikweya mita. Zenera la masikweya mita awiri la SHGC ya 0.81 likulowetsa mawati opitirira 1,100, ngati mwayatsa hita m'chipinda pa nthawi imene kunja kwatentha kale ndipo makoma amwa dzuwa tsiku lonse. Chipinda chogona chotere chimakhala chofunda mpaka usiku, mwana osagona. Mazenera a kum'mawa amalandira dzuwa lofanana, koma m'mawa nyumba imakhala idakali yozizira, choncho savutitsa chimodzimodzi.

Kumadzulo, mthunzi uyenera kuimirira kutsogolo kwa galasi, osati kukhala pamwamba pake. Zimene zimagwira ntchito ndi zitseko zakunja za pazenera, timatabwa kapena tizitsulo topendekeka toikidwa kunja, kapena khoma la njerwa zamabowo lomangidwa patsogolo pang'ono. SANS 204 imavomereza chotchinga chakunja ngati chikutseka 80 peresenti kapena kuposerapo ya dzuwa la chilimwe. Makatani ndi zotchinga za m'kati sizimawerengedwa, ndipo chifukwa chake n'chomveka: dzuwa ladutsa kale galasi, katani yatentha, kutenthako kuli m'chipinda. Mtengo ndi wabwino, ubzaleni, koma pa pepala musaudalire, poti mawa akhoza kuudula. Pergola ya timatabwa totalikirana, kapena denga lapulasitiki loonetsa kuwala, musaliyese ngati denga lamalata. Komabe njira yotchipa kuposa zonse ndi kuchepetsa zenera la kumadzulo kapena kulisamutsira kumpoto. Mukachotsa masikweya mita anayi a galasi kumeneko, mufika pa 20 peresenti, ndipo ntchito yambiri yowerengera yatha pomwepo.

Pali zolakwika zina ziwiri zimene zimaononga mawerengedwe abwino. Choyamba ndi kumpoto kolakwika. Kampasi ku Johannesburg imaloza madigiri opitirira 15 kumadzulo kwa kumpoto kwenikweni, ndipo ku Cape Town imaphonya kuposa pamenepo. Matebulo a SANS 204 amagawa mbali zisanu ndi zitatu, iliyonse ya madigiri 45, kotero kuphonya kwa kampasi kungasamutse khoma kuchoka ku "kumpoto" kupita ku "kumpoto chakumadzulo". Tengani kumpoto pa chojambula cha oyeza malo. Chachiwiri ndi kadenga kofanana m'lifupi ndi zenera. Dzuwa silikhala kutsogolo kwa khoma tsiku lonse. Cha m'ma 10 koloko m'mawa mu Seputembala limakhala litapendekera madigiri 53 kum'mawa, ndipo mthunzi wa kadenga ka mamita 0.6 umasunthira m'mbali ndi mamita pafupifupi 0.8, n'kusiya ngodya yonse ya galasi padzuwa. N'chifukwa chake SANS 204 imafuna kuti chotchingacho chipitirire zenera mbali zonse ziwiri ndi mtunda wofanana ndi P. Mlomo wa denga woyenda khoma lonse ulibe vutoli, kupatula pa zenera loyandikana ndi ngodya ya nyumba.

Musapitirirenso muyeso. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu choyera pa udzu. Khonde lofoleredwa la mamita 2.5 kutsogolo kwa chitseko cha kumpoto lipambana tebulo lililonse la mthunzi, koma mu Juni mthunzi wake utsika mamita 2.13, n'kuphimba mamita opitirira 1.8 a chitseko cha 2.1. Pabalaza pakhala pamdima ndi pozizira nyengo yonse yachisanu, hita ili choyaka, ndipo magetsi amene lamuloli limafuna kupulumutsa apita. Ngati eni nyumba akufuna khonde lalikulu, liikeni kumadzulo, kumene kuya kwake kuli ndi phindu. Kumpoto khalani pakati pa P/H ya 0.4 ndi 0.5, bola M wa m'buku wakwaniritsidwa.

Poti ambiri ogwira ntchito ku Joni amatenga mapulani omwewa kukamangira kumudzi, ndinene izi mwachidule. Lilongwe ili pa madigiri 14 kummwera. Dzuwa limadutsa pamutu penipeni chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, ndipo pakati pa nthawi ziwirizi dzuwa la masana limakhala chakummwera. Mu Disembala limakwera madigiri 80.6 kuchokera mbali imeneyo, kotero khoma la kummwera nalo limafuna mlomo, ngakhale wa mamita 0.25 ndi wokwanira pa H wa 1.5 masana. XA sigwira ntchito ku Malawi, koma masamu a dzuwa ndi omwewo, ndipo zenera lalikulu la kumadzulo mu Okutobala, mvula isanagwe, limazunza kuposa ku Johannesburg.

Pa pulani yanu chitani chonchi. Patsani zenera ndi chitseko chilichonse nambala, ndipo pa tebulo limodzi lembani mbali imene layang'ana, m'lifupi, kutalika, kukula kwake, P, G, H, P/H, SHGC ndi U-value. Jambulani chodula cha khoma pa mtundu uliwonse wa zenera, miyeso itatuyo ikuoneka, chifukwa woyendera mapulani amafuna kuona kumene manambala achokera. Kumpoto tulutsani mlomo ufike mamilimita 750, kapena kwezani lintala pamodzi ndi zenera lonse kuti G ndi H zichepe, zomwe sizidya malata owonjezera. Pa chitseko chagalasi ikani kadenga kolimba ka mamita 1.2. Kumadzulo chepetsani galasi, ndipo lotsalalo litchingeni kunja. Ngati eni nyumba akukana kuchepetsa magalasi, XA imalola njira ina: munthu wovomerezeka amayesa nyumba yonse pa pulogalamu ya pakompyuta yovomerezedwa ndi Agrément South Africa, n'kusonyeza kuti sidzadya mphamvu zoposa nyumba yofanana nayo yotsatira matebulo. Njirayi imalipiridwa padera, ndipo pa nyumba ya masikweya mita 100 kawirikawiri kuchotsa masikweya mita anayi a galasi aja kumatchipa.

Pomanga, kayezeni mlomo mathirasi atangokwera, malata asanakhomedwe. Amisiri amakonda kudula nsonga za mathirasi kuti zifanane ndi kutalika kwa malata amene agulidwa, ndipo 750 wa pa pulani amasanduka 550. Ena amawonjezera mizere iwiri ya njerwa pamwamba pa lintala kuti siling'i ikwere, zomwe zimakweza G ndi mamilimita pafupifupi 170. Pa zenera lathu lija, zinthu ziwirizi zikachitika limodzi, P/H imatsika kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.33.